Za Gitala ya Besi, ndi Mau a Pansi

Abale okondedwa a m'mipingo ya kumtunda ndi ya kuchigwa, ife amene tilemba mau awa tikhala kwa Nyachikadza, m'boma la Nsanje, m'dambo lalikulu la Ndindi, kumene mlendo wochokera ku boma safika ndi galimoto koma ndi bwato. Kwathu kuno nthaka ndi yachonde, chimanga cha m'madimba chibala bwino, mbatata ndi nyemba sizisowa. Koma madzi omwe atipatsa chakudya ndiwo atilandanso nyumba zaka zina. Lero tifuna kukuuzani za mlandu umene unatsala pang'ono kung'amba mpingo wathu pakati. Mlanduwo sunali wa mowa, kapena wa mitala, kapena wa ndalama za chopereka. Unali wa gitala ya nsambo zinai imene anyamata aitcha besi. Kapena ena adzaseka pomva ichi. Koma tidziwa kuti chinthu chomwechi chalowa m'makachisi ambiri, ndipo tiyesa kuti chimene ife tinachiphunzira mochedwa chikhoza kuthandiza ena msanga.

Tiyambe tafotokoza chinthucho, chifukwa cha iwo amene sanachione pafupi. Besi ifanana ndi magitala ena, koma khosi lache ndi lalitali, ndi nsambo zache nzonenepa, yaikuluyo kuposa kamtengo ka machesi. Iribe mimba ya mphako monga gitala ya kale. Thupi lache ndi thabwa lolimba, ndipo ukaikhudza yokha ingong'ung'udza pang'ono, osamveka ngakhale pakhomo. Pansi pa nsambo pali tizitsulo ta maginito, timene timva kunjenjemera kwa nsambozo ndi kukusandutsa mphamvu yaing'ono ya magetsi. Mphamvuyo iyenda m'chingwe kufikira ku bokosi lotchedwa ampu, limene liikuza ndi kuitulutsa pa sipika. Munthu amene anayamba kuzipanga zambiri ndi kuzigulitsa ndiye Leo Fender wa ku California, m'dziko la Amerika, m'chaka cha 1951. M'dziko lathu lino zoimbira za magetsi zinayamba kumveka m'mahotela ndi pa wailesi. Pambuyo pache zinalowa m'mipingo, makamaka chiyambire gulu la Alleluya Band, limene linabadwira pa mpingo wa Akatolika ku Balaka m'chaka cha 1978. Mwambowo unatsika pang'onopang'ono kuchokera kumtunda, nufika ku Chikwawa, ku Bangula ndi ku Nsanje. Potsiriza unaoloka nufika kwathu kuno.

Anyamata ndi asungwana a kwaya yathu anaona zimenezi pa misonkhano ya tsidya lija, ndipo mitima yao inakhumba. Kiyibodi yaing'ono anali nayo kale, koma anati nyimbo zao ziribe pokhalira. Sanapemphe ndalama za mpingo. Zaka ziwiri analima ganyu pamodzi m'madimba a eni, nadula bango, naluka mphasa, nagulitsa nsomba, kufikira ndalama zinakwana. M'chaka cha 2021 anatuma mmodzi wa iwo ku Limbe, ndipo anagula besi yogwirapo kale nchito, ndi ampu yache, ndi jenereta yaing'ono, pakuti pa kachisi wathu palibe mawaya a magetsi. Tikumbuka tsiku limene katunduyo anaoloka. Anamkulunga m'pulasitiki ndi m'mphasa. Mnyamata mmodzi anakhala pakati pa bwato atafungatira ampu monga mai afungatira khanda lodwala, ndi wopalasa analambalala kutali pamene pagona mvuu. Pa dooko akazi anaimba nthungululu. Ifenso akulu tinakondwera, pakuti tinati ana athu agula chinthu cha Mulungu ndi thukuta lao, pamene anzao athera ndalama ku kachasu.

Koma chikondwerero chathu sichinakhalitse. Woimba besi anali mnyamata wofatsa, mwana wa mkazi wamasiye, amene anaphunzira yekha poonerera ena pa foni. Tsiku la Mulungu loyamba anaika ampu m'ngondya ya kutsogolo, naimirira pafupi pomwe, napotoza zokuzira kufikira pothera. Pamene anakhudza nsambo yaikulu, malata a padenga anayamba kulira, pfumbi linagwa ku mitanda, ndi makanda anadzidzimuka kumsana. Mauwo sanalowe m'makutu okha, koma m'chifuwa ndi m'mimba. Tinayesa kuti adzazolowera, koma masabata anapita ndipo bvuto linakula. Pakuti wa kiyibodi posadzimva anakuza yache, ndi otsogolera nyimbo anayamba kupfuula pa maikolofoni. Ndipo choipa koposa chinachitika mwakachetechete: mpingo unaleka kuimba. Amai amene kale anayamba nyimbo asanauzidwe, tsopano anangoomba m'manja ndi kupenya kutsogolo. Nkhalamba zina zinayamba kukhala panja pansi pa mtengo kufikira nthawi ya ulaliki. Pakuti munthu akatsegula pakamwa osamva mau ache a iye mwini, kapena a mnzache wa pambali, sachedwa kutseka.

Pamenepo akulu a mpingo tinasonkhana, ndipo ife amene tilemba pano tinali pakati pa iwo amene ananena mau olimba. Tinati chinthuchi ncha ku nyumba za mowa, chichoke. Tinati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Anyamata atamva anadza ndi nkhope zakugwa, ndipo mtsogoleri wao anati, “Atate athu, tinagwa m'matope zaka ziwiri chifukwa cha chinthu ichi, ndipo inu munatiyamika pa dooko. Mukatichotsera, mutiuze kumene tikaimbire, pakuti mipingo yina itiitana.” Mau amenewa tinawamva ngati chiopsezo, ndipo mitima yathu inauma, komatu ananena zoona, pakuti achinyamata oposa makumi awiri akadachoka tsiku limodzi. Mlaliki wathu anapempha kuti mlandu uyambe wagona kufikira utapita msonkhano wa makwaya a mpingo wathu, umene unalikudza ku Nsanje m'mwezi wa August 2022, ndi kuti akulu atatu aperekeze anawo, akaone umo achitira ena. Tinabvomera monyinyirika.

Mmodzi wa atatuwo anali nkhalamba ya mpingo wathu, imene ana onse anaitcha ayavu, ndiko kunena agogo m'Chisena. Pa unyamata wao anali woimba ulimba wodziwika m'midzi ya m'dambo, woitanidwa ku maliro ndi ku maukwati. Pobatizidwa anauzidwa kuti ausiye, monga anauzidwa ambiri masiku aja, ndipo anausiyadi zaka zambiri; koma atakalamba anasemanso wina, nauimba madzulo pakhonde pao, ndipo panalibe wa ife amene anali ndi mtima wakuwaletsa. Pa mlandu wa besi sananene kanthu, kubvomera iai, kukana iai.

Usiku wa tsiku loyamba la msonkhano, anthu atabalalika kukagona, tinapeza oimba besi a makwaya osiyanasiyana atasonkhana okha pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa kachisi, ngati asanu ndi awiri, ndi mnyamata wathu ali pomwepo. Zioneka kuti anthu a nchito imeneyi afunana kuli konse, monga achita asodzi. Anatipatsa benchi, natilola kumvera.

Anayamba ndi madandaulo a m'maulendo. Ambiri a iwo saimba m'kachisi mokha, koma aitanidwanso ku maukwati, ku zinkhoswe ndi ku misonkhano ya chitsitsimutso, kuyambira ku Nchalo kufikira ku Marka. Wina anati bokosi la wa besi ndilo lolemera koposa onse, ndipo iye ndiye ayamba kufika ndi kutsiriza kuchoka; koma pa perekaniperekani ndalama zigwera woimba pakamwa, ndipo pogawana wa besi alandira zotsala. Wina anasimba za ukwati kumene munthu analumikiza firiji ya zakumwa ku jenereta yomweyo ya oimba. Mphamvu inatsika, ampu inayamba kutsokomola, nizima pakati pa nyimbo yolowera mkwatibwi. Wina anati m'mwezi wa October, pamene dzuwa la kuchigwa kuno liotcha ngakhale mumthunzi, ampu yache itentha kotero kuti aika mwana aziikupiza ndi lichero. Ananenanso za nsambo, kuti thukuta ndi litsiro la m'manja zizipha mau, ndipo popeza zatsopano nzodula ndi zosapezeka pafupi, aziphika m'madzi owira kuti litsiro lituluke, ndipo zikhalanso ndi moyo masabata owerengeka. Onse anaseka pamene wina anati, “Achimwene, ife anthu satidziwa dzina, koma chingwe changa chikazuka, miyendo yonse ya obvina iima, ndipo pamenepo mpamene atembenuka kundifuna.”

Pakati pao panali munthu wa imvi zoyamba, amene anaimba zaka zambiri m'mahotela a ku Blantyre asanabwerere kwao. Mnyamata wathu anamfunsa mwaulemu, nati, “Bambo, kwathu andida chifukwa cha phokoso, koma ine poima pafupi ndi ampu sindidzimva bwino konse. Ndichite chiani?” Munthuyo anayankha ndi mau amene anatsegula makutu a ifenso. Nsambo yaikulu ya besi injenjemera ka 41 pa sekondi imodzi, ndipo funde la mau ache mumpweya litalika mamita 8, ndiko kuposa theka la kachisi wathu. Mau okwera, monga a chitoliro, ayenda molunjika kumene sipika yaloza. Koma mau a pansi afalikira mbali zonse monga madzi osefukira, napyola zipupa, naunjikana m'ngondya. Tsono woimba akaima pomwe pali bokosi lache, sipika iloza maondo ache, ndipo mbali ya mau imene ithandiza khutu kuzindikira nyimbo ipitirira pansi osamfika; iye ayesa kuti samveka, nakuza, pamene a kumbuyo alikumira. Ndipo kuika ampu m'ngondya kuchulukitsa bvutolo, pakuti zipupa ziwiri ndi pansi zibweza mauwo pamodzi. Apa tinazindikira kuti mwana uja sanali wamwano monga tinamuyesa. Anali wosadziwa, ndipo ife omweruza tinali osadziwa chimodzimodzi.

Anafotokozanso mwambo umene oimba autcha sound check, ndiko kuyesa mau anthu asanafike. Pa bwalo la dansi ayamba ndi ng'oma yaikulu yoponda ndi phazi, natsata besi, kuti ziwirizi zigwirizane ngati munthu mmodzi. Pambuyo pache magitala ena ndi kiyibodi, ndi mau a pakamwa potsiriza. Mmodzi ayenera kupita kumbuyo kwa nyumba kukamvera, chifukwa woimba sakhoza kudziweruza ali pamalo pache. Anachenjeza kuti nyumba yopanda anthu ibweza mau, koma ikadzala, matupi ndi zobvala zimeza ena. Chotero chimene chinakoma m'mawa chiyenera kuyesedwanso pa nyimbo yoyamba. Anatinso maikolofoni isaloze ku sipika, pakuti ikatero imva mau ache omwe ndi kuwabwezera kosaleka, ndipo kumeneko ndiko kuchokera kulira kuja koboola makutu. “Koma m'kachisi,” anatero, “ine nditembenuza mwambowo. Ndiyamba ndi anthu. Aimbe okha ndime imodzi, ndipo ine ndilowa pansi pao pang'onopang'ono, ndi kuleka kukuza pamene ndikali kuwamva.”

Pamenepo mnyamata wina wa ku Bangula anatulutsa thabwa limene mbale wache anamtumizira kuchokera ku Johannesburg. Pa thabwalo panali timabokosi tachitsulo tinai, timene atitcha mapedulo popeza atiponda ndi phazi, ndipo chingwe cha gitala chiyamba chadzera m'menemo chisanafike ku ampu. Kena kaonetsa ndi nyali ngati nsambo yakungika bwino; kena, kotchedwa kompuresa, kachepetsa mau opambana ndi kukweza ofooka kuti onse alingane; kena kaonjezera mau ena pansi pa amene wakhudza; ndipo kotsiriza, kotchedwa fuzz, kasasitsa mau kuti alire ngati bemberezi. Panauka mtsutso. Ena anati popanda timeneti munthu sangaimbe za makono. Ena anati mau ali m'zala, ndipo wosadziwa kukhudza nsambo akagula mapedulo khumi wangogula njira khumi zobisira umbuli wache. Mtsutsowo unalowa ku nkhani ya kujambula nyimbo, pakuti ena pojambula alumikiza besi molunjika ku kabokosi kolowa m'kompyuta osadzera ku ampu, ndi ena aika maikolofoni patsogolo pa sipika m'chipinda chotchingidwa ndi matiresi, ndipo ali yense anatama njira yache. Wa imvi uja anati mbali zonse ziwiri zinena zoona pang'ono, naonjeza chinthu chimene sitinachiyembekeze: kuti ojambula ambiri athira dala kusasa pang'ono pa besi, chifukwa sipika ya foni ndi ya wailesi yaing'ono siikhoza kutulutsa mau a pansi enieni, koma kusasa kuja ikutulutsa, ndipo khutu likakumva lidzaza lokha zotsalazo.

Mwini thabwa anayatsa ampu yaing'ono ya batire kuti anzache amve, naponda fuzz. Pomwepo ayavu, amene tinayesa kuti alikusinza, anaseka kufikira kutsokomola, nati, “Adzukulu anga, kangaude ameneyu mwamgula ndalama zingati?”

Inu a kumtunda amene simunaone ulimba wa Asena ndi Amang'anja, dziwani kuti ndiwo mipiringidzo ya mtengo wouma, makumi awiri kapena kuposa, yoyalidwa pa chimango kuyambira yaing'ono kufikira yaikulu, ndipo pansi pache pamangidwa zikho, zazing'ono kwa yaing'ono ndi zazikulu kwa yaikulu. Chikho chiri chonse chibooledwa pambali, ndipo pa bowolo amata kachikopa koyera kamene kangaude aphimbira mazira ache. Masiku ano ena amata kapepala kopyapyala kapena pulasitiki. Mpiringidzo ukagundidwa, mpweya wa m'chikho ugwedeza kachikopako, ndipo mau atuluka osasa. Ayavu anati popanda kangaude mipiringidzo yaikulu ingomveka pafupi, koma ndi kangaude imveka tsidya la dambo usiku, ndipo munthu azindikira nyimbo ali m'bwato.

Chodabwitsa nchakuti oimba a ku Amerika anachipeza chinthuchi mwangozi. Mu mzinda wa Nashville, Grady Martin analikuimba besi ya nsambo zisanu ndi imodzi pojambula nyimbo ya Marty Robbins imene inatuluka mu 1961, ndipo chipangizo china cha m'makina ojambulira chinaonongeka, mau a besi natuluka osasa. Anaisiya nyimboyo chomwecho, anthu naikonda. Ndipo Glenn Snoddy, amene anali pa makinawo, anapanga kabokosi kobwereza chilemacho, kamene kampani ya Gibson inayamba kukagulitsa mu 1962. Chimene iwo anachitola ngati chilema, makolo athu anachifuna dala ndi kuchisamala mibadwo yambiri.

Usiku umenewo oimba a magetsi anakhala chete, nkhalamba nilankhula. Inati kuyesa mau si kwachilendo. Asanapite ku bwalo, iwo anagunda mpiringidzo uli wonse pa wokha. Wokwera mau anaupala pamimba kuti utsike, wotsika anaupala kunsonga kuti ukwere. Pakamwa pa chikho anachepetsa ndi phula kufikira chikho ndi mtengo zinabvomerezana. A ng'oma anaziwamba pamoto kuti zikungike, namata phula pakati pa zimene ziyenera kulira pansi. Ndipo inanena za malo ache pa ulimba, pakuti kwathu ulimba umodzi auimba anthu atatu, ndipo ayavu masiku ao onse anakhala ku mbali ya mipiringidzo yaikulu. Anati, “Wa ku ting'onoting'ono athamanga, anthu namtama. Ine ndinali mzati wa pakati pa nyumba, umene mlendo saulonjera. Dzanja langa likachulutsa, anzanga asowa poponda. Likachedwa, obvina apunthwa. Amene anandiphunzitsa anandimenya pa dzanja ndi kamtengo pamene ndinagunda kolimba, nati, Ukaleka kumva akazi oyankha nyimbo, dziwa kuti wayamba kudziimbira wekha.”

Titabwerera kwathu mlandu uja sunaweruzidwenso. Loweruka madzulo mnyamata anachotsa ampu m'ngondya, naikweza pa benchi kutali ndi chipupa, naipendeketsa kuti iloze khutu lache. Ayavu anakhala pa mpando wotsiriza pafupi ndi khomo, ndi amai atatu okalamba anayamba nyimbo okha. Mnyamata analowa pansi pao, nakuza pang'onopang'ono kufikira nkhalamba inakweza ndodo. Pamenepo analemba chizindikiro ndi penti pa chokuzira. Sitinena kuti zonse zinakoma tsiku limodzi. Panali masabata ena pamene mwazi wa unyamata unapitirira chizindikiro chija, ndipo ndodo inakwezedwa pakati pa mapemphero. Panalinso mkulu mmodzi amene sanalowenso m'kati pa nthawi ya nyimbo kufikira imfa yache. Koma mpingo unayambanso kuimba, ndipo tinaona chimene sitinachidziwe kale, kuti besi yoimbidwa bwino ichirikiza anthu. Amuna amene kale anasochera pa mau ao a pansi anapeza pogwira, ndipo nyimbo sinatsikenso kapena kulefuka pofika ndime yachinai.

Kuyambira pamenepo mnyamata anazolowera kupita pakhonde pa ayavu madzulo, ndipo tsiku lina anapempha kuti awajambule. Nkhalamba inakumbuka kuti pa unyamata wache inamva za Mzungu amene anafika ku Port Herald, ndilo dzina lakale la Nsanje, ndi makina ogwira mau. Ameneyo ndiye Hugh Tracey, amene anayenda m'chigwa chino m'chaka cha 1958, najambula ng'oma ndi nyimbo za anthu a kuno pa tepi. Mwambo wache unali wakugwira maikolofoni m'dzanja ndi kuyenda nayo pakati pa oimba, kuti choimbira chiri chonse chimveke pa nthawi yache. Zimene anajambula zisungidwa ku International Library of African Music, imene iye anaiyambitsa mu 1954, ndipo tsopano iri pa Rhodes University ku South Africa; ndi mwana wache Andrew Tracey analemba mu 1991 za Kambazithe Makolekole ndi gulu lache la ulimba. Zimene Tracey ananyamula pa galimoto, mwana wathu anali nazo m'thumba la malaya. M'mwezi wa November 2022 anaitana amuna awiri otsala odziwa ulimba, naika foni pa mtondo. Poyamba inali pafupi kwambiri, ndipo mau anasweka. Ataisuntha mapazi atatu, cha ku mbali ya mipiringidzo yaikulu, anajambula nyimbo khumi ndi ziwiri, nazisunga pa memori khadi.

M'mwezi wa March 2023 namondwe wotchedwa Freddy anagwetsa mvula yosaneneka ku mapiri a kumtunda, ndipo Shire ndi Ruo anatsikira pa ife ndi madzi onsewo, monga anachita mu 2015, mu 2019 ndi mu 2022. Tinathawa m'mabwato ndi ana ndi zobvala za pathupi. Mnyamata anapulumutsa amai ache, ndi gitala imene anaimanga kumsana, ndi kakhadi kaja atakakulunga m'pulasitiki. Ampu, jenereta ndi kiyibodi zinamira. Ulimba wa ayavu unayandama pa zikho zache nupita, osaonekanso. Ku misasa ya tsidya lija tinapemphera opanda choimbira chiri chonse, ndipo mnyamata uja anaima kumbuyo pakati pa amuna, naimba ndi pakamwa mau omwe akadaimba ndi zala. Nkhalamba sinapezenso mphamvu. Inamwalira m'nyengo yozizira ya chaka chomwecho, titangobwerera ku mabwinja athu.

Besi yopanda ampu ndi thabwa chabe, ndipo ndalama za ampu yina sizinapezeke, popeza anthu anayamba amanga nyumba. Tsono mnyamata anachita chimene anachita ena iye asanabadwe. Abale awiri a ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba, amene Gerhard Kubik wa ku Austria anawajambula mu 1967, anali ndi besi ya chingwe chimodzi m'gulu lao; ndipo m'masiku athu ano Yobu Maligwa wa Madalitso Band, gulu limene linayamba kuimba m'misewu ya Lilongwe, anafika ku Zanzibar mu 2017 ndi ku Ulaya pambuyo pache ndi babatoni wopanga pamanja. Mwana wathu anatenga mtengo wautali, ndi waya wa m'tayala, ndi ng'oma ya chikopa cha ng'ombe, napanga babatoni wache. Ndipo pa ng'omayo anamangirira tizitsekero ta mabotolo kuti tinjenjemere, nati ndiye kangaude wache. Madzulo abvala zomvera m'makutu, pakuti sipika ya foni ibisa dzanja la ayavu, namvera nyimbo zija khumi ndi ziwiri, ndi kutola mayendedwe a mipiringidzo yaikulu. Ena a mayendedwe amenewo tiwamva tsopano pansi pa nyimbo za Mulungu, ndipo okalamba awazindikira.

Tsono abale, chimene tifuna kusiya kwa inu ndi ichi. Kwa akulu anzathu titi, musafulumire kutulutsa choimbira pamodzi ndi mwana wochiimba, monga tinafuna kuchita ife. Yambani mwafunsa ngati bvuto liri mumtima mwache, kapena m'ngondya imene waikamo bokosi. Ndipo ngati m'mudzi mwanu mwatsala nkhalamba yodziwa ulimba, bangwe kapena ng'oma, musaiyese yopanda nchito m'nyumba ya Mulungu. Ikhazikeni kumbuyo ndi ndodo yache, ndipo tumani ana akaijambule chaka chino chomwe. Kwa achinyamata titi, kumbukirani kuti mtumwi Paulo polembera Akorinto anafanizira mpingo ndi thupi la ziwalo zambiri, naphunzitsa kuti zosaoneka ndi zofooka nzofunikanso. Nchito ya mau a pansi ndiyo kusenza anzao. Yesani zoimbira zanu Loweruka, tumani wina kumbuyo, ndipo pamene simumvanso mai wokalamba wa pa mphasa yotsiriza, bwezani dzanja.

Kwaya yathu yayambanso kusonkha za ampu yatsopano, ndipo ulendo uno akulu tasonkha nao, ndowa ya chimanga pa nyumba ya mkulu ali yense. Tapangana kuti ikadzafika, babatoni sadzachotsedwa. Mutikumbukire m'mapemphero anu pamene mvula iyandikira.

Ndife abale anu a kwa Nyachikadza.